Choko Chakuba ndi Maola a Amalume Bernardo

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu kuti tisavutane kutsogoloku: choko chija ndinaba ndine. Bokosi lathunthu, m'kabati ya aphunzitsi a masamu, tsiku lotsekera sukulu. Ndinapita nacho kumudzi kutchuthi, n'kukalemba kuti "PANO PAKUGULITSIDWA" pa nkhokwe zitatu ndi pa chimbudzi cha akatekisiti. Munthu mmodzi anafunsadi mtengo wa chimbudzicho. Koma ntchito yeniyeni ya chokocho inadzapezeka pa ulendo wobwerera, ndipo ndi umenewu ndikufuna ndikusimbireni.

Dzina langa ndi Filomena, koma onse amene ndinawalakwirapo amanditchula Mena, ndiye kuti dziko lonse. Kwathu ndi kuseri kwa Molumbo, kumene kuli amayi. Ine ndimakhala m'tauni ya Milange kwa amalume Bernardo ndi akazi awo, atiya Luiza, chifukwa ndi kumene ndikuphunzira kalasi ya khumi. Amalume ndi dalaivala wa lole ya munthu wina wamalonda amene tonse timangomutchula kuti apatarau. Amatenga chimanga kumidzi n'kukatula ku Limbe, tsidya la Malawi.

Tchuthi chili pafupi kutha, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mena, malume ako akusiya lole. Ulendo wa sabata ino ndi womaliza, akupita ku Joni kukafuna ganyu. Luiza abwerera kwawo ku Gurue. Iwe ukwere nawo mawa, ukatenge zovala ndi mabuku ako, ubwere kuno."

"Nanga sukulu, amayi?"

"Uzikagona kuti? M'kabati ya aphunzitsi?"

Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti kabatiyo ndikuidziwa bwino ndipo malo alimo, koma mtima unali utagwa kale. Kuchokera kumudzi kwathu kukafika kusekondale ndi maola atatu apansi. Komanso kuli mnyamata wina wa njinga yamoto amene amayi ayamba kumusungira mazira akabwera kudzacheza. Ndinadziwa kuti lole ija ikangotuluka m'manja mwa amalume, ine ndiye ndalowa m'manja mwa wa mazira uja.

Sikisi koloko m'mawa ndinali nditafika kale pa nyumba yogulira chimanga ku Molumbo. Lole inali itaima pakhomo, amalume atakhala pa tayala lakutha. Matumba oti akwane lole panalibe. Wogula chimanga anati tidikire alimi, ndipo alimiwo ankabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi thumba limodzi panjinga, akukankha chifukwa cha chitunda. Aliyense akafika ankayamba wakangana kaye ndi sikelo.

"Amalume, apatarau amakupatsani zingati?"

"Mwana safunsa zimenezo."

"Si ine, ndi aphunzitsi a masamu. Anatipatsa ntchito ya patchuthi."

Anandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira galu amene wabwera ndi nthenga kukamwa. Komabe anayankha. "Mametikali chikwi chimodzi pa ulendo."

"Ulendo wa masiku angati?"

"Ulendo ndi ulendo. Wa tsiku limodzi, chikwi. Wa masiku anayi, chikwi."

"Ndiye pano mwakhala patayalapa, mukulipidwa?"

"Apatarau amati kudikira si ntchito. Ntchito ndi pamene matayala akuzungulira."

"Bwanji osawauza kuti awonjezere?"

Anapukusa mutu. "Iwe sungamvetse. Munthu uja anandipeza ndikusenza matumba pamsika, n'kundiphunzitsa chiwongolero ndi manja ake. Munthu wotero sumuyang'ana m'maso n'kumutchulira mtengo. Bola kungomubwezera makiyi, kuthokoza, n'kumapita."

Akuluakulu ndi odabwitsa. Kuwoloka maiko awiri opanda wachibale akuona ngati n'kopepuka kusiyana ndi kutsegula pakamwa kwa mphindi imodzi.

Ndinanyamuka ngati ndikupita kukataya madzi, n'kuzungulira kumbuyo kwa lole. Pa chitseko chakumbuyo apatarau analembetsapo ndi penti yofiira mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pansi pake panali malo ambiri, akuda bwino ngati bolodi ya kusukulu. Ndinatulutsa choko n'kujambula kamzere kamodzi: ola loyamba. Pamenepo ndinalibe pulani iliyonse, musandinamizire nzeru. Ndinangoona bolodi, ndipo m'thumba munali choko.

Tinanyamuka wani koloko masana, timizere tili tisanu ndi tiwiri.

Apatarau amaletsa kukweza anthu pamwamba pa katundu, koma ndalama ya sopo ya amalume imachokera pamenepo, ndiye tisanatuluke m'Molumbo pamwamba panali patadzaza. Mtengo wokafika ku Milange unali handiredi fifite. Aliyense analipira mwakachetechete kupatula mayi wina wonenepa, amayi Rozina, amene ali ndi kanyumba kophikira zakudya pamalire. Anali ndi thumba la nyemba ndi nkhuku zinayi zomangidwa miyendo.

"Bernardo, ine handiredi. Theka la thupi langa likhala pa nyemba zanga, osati pa lole yako."

"Nanga nyembazo zakhala pa chiyani, amayi?"

"Usandifunse mafunso a kukhoti. Mawa udzadya kwa ndani?"

Analipira handiredi, n'kukhala kutsogolo pambali panga, nkhuku zili pamiyendo panga. Imodzi inandichita zinazake pa siketi tisanafike patali. Ndinaisunga mumtima.

Msewu wa ku Molumbo ndi woti ukauyenda umadziwa chiwerengero cha mafupa ako. Fumbi linkalowa ngakhale mawindo atatsekedwa, ndipo amalume ankayendetsa ngati akusoka nsalu, kuzemba dzenje ili n'kugwera m'linzake. Titangodutsa Koromana tinamva phuu! Tayala lakumbuyo linaphulika, pamwamba n'kumveka mayina a oyera mtima onse.

Kale lole iyi inali ndi wothandiza dalaivala, koma apatarau anamuchotsa poti amadya ndalama. Ndiye amalume anagona okha m'fumbi ndi jeke. Mabawuti anali atauma. Amalume anakoka sipanala mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, osatheka. Abambo awiri anayesa, osatheka. Kenaka amayi Rozina anatsika, kumanga chitenje, kuponda pa sipanala ndi phazi limodzi n'kudzikweza. Bawuti linalira ngati mbuzi n'kumasuka.

"Mwaona? Handiredi yanga ija mukanandibwezera ndi chenje chomwe."

Panali bambo wina wa jekete amene ankapita ku maofesi a boma. Iye sanagwire kanthu, ankangolangiza. "Jekeyo mwaika molakwika. Ine ndikanakhala dalaivala sindikanadutsa apa." Atatopa ndi kulangiza anagona pansi pa mtengo, chipewa chili kumaso. Ndinatenga nkhuku yanga ija, mdani wanga, n'kuikhazika bwinobwino pachifuwa pake. Nkhuku yomangidwa miyendo imakhala phee mpaka munthu atapuma mwamphamvu. Mmene anadzukira bambo uja, anthu a ku Koromana mwina akusimbabe. Anafunsa kuti wachita ndani, ine ndili kumbuyo kwa lole, kujambula kamzere ka khumi ndi kamodzi.

Phiri la Tumbine tinaliona dzuwa likulowa. Anthu anatsikira pamsika wa Milange, ife tinapitirira kumalire, koma geti linali litatsekedwa. Amalume anaima kumapeto kwa mzere wa malole. Ine ananditumiza kunyumba pa njinga ya kabaza, iwo anatsala poti chimanga sichigona chokha pamsewu. Kunyumba ndinapeza chikwama cha amalume cha ku Joni chili pakona, chomanga kale, nsapato zawo za kutchalitchi zili pamwamba.

M'mawa ndinabwerera kumalire ndi tiyi wa m'botolo ndi chiphaso changa chodutsira, poti amalume anali atandilonjeza kalekale kuti tsiku lina adzandionetsa Limbe, ndipo tsiku lina linali litatsala limodzi lokha. Ndinawapeza maso ali ofiira, akukanda malo olumidwa ndi udzudzu. Ndinazungulira kumbuyo n'kuwonjezera timizere ta usiku wonse. Ngati kugona pansi pa lole kulondera chimanga cha mwini si ntchito, ndiye alonda onse abweze malipiro.

Geti litatsegulidwa amalume anapita ndi mapepala, n'kubwerako posachedwa nkhope itagwa. Kalaliki wa apatarau analemba nambala ya lole ina pa chikalata cha katundu. A pamalire sanalakwe, pepala linkanena za galimoto imene panalibe. Amalume anaimba foni, n'kuyamba ndi moni wa m'mawa.

"Apatarau, bondiya. Pepala lija lalakwika nambala... Eya... Ayi, palibe vuto... Chabwino, tidikira."

Palibe vuto! Teni koloko anaimbanso, akuti kalaliki wapita kumaliro. Thu koloko akuti apatarau ali ku Mocuba, abwera nalo okha mawa. Malole ena a kumbuyo kwathu anayamba kutidutsa.

Amene sanakhalepo pamzere wa pamalire sadziwa kutalika kwa tsiku. Ndinawerenga malole, ndinawerenga agalu. Ndinaonerera anyamata a njinga amene amawolotsa matumba a chimanga kupita ku Muloza, matumba atatu panjinga imodzi, thukuta lili chuchuchu, n'kubwerera ataimirira pa mapedulo. Ndinafunsa mmodzi kuti amalandira zingati pa thumba, ndinachita masamu m'mutu, ndipo ndinapeza kuti pa ola limodzi iye amaposa amalume amene akuyendetsa matani khumi. Pamenepo choko chinayamba kundiyabwa m'thumba.

Ndinakwera pa bampala n'kulemba ndi zilembo zazikulu, zooneka bwino ngati za pa tsiku la mayeso: "DALAIVALA UYU AKUDIKIRA MWAULERE. KAMZERE KALIKONSE NDI OLA LIMODZI. MALIPIRO: 1,000 BASI. GAWANI NOKHA."

Woyamba kuwerenga anali dalaivala wa lole ya kumbuyo kwathu, a Kalisto, bambo wa imvi amene akuti wayenda msewu umenewu kuyambira usanathiridwe tala. Anawerenga akusuntha milomo, kenaka anawerenga timizere ndi chala, kenaka anaseka mpaka kugwira tayala.

"Bwerani mudzaone, amwene! Lole ya Bernardo yalowa sukulu!"

Mphindi zochepa madalaivala asanu ndi mmodzi anali ataunjikana, ena ndi mafoni akujambula. Amalume anabwera akuthamanga, poganiza kuti matumba akugwa. Atawerenga, anatembenukira kwa ine.

"Mena! Fufuta msanga! Ukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu?"

"Musiye mwanayo," anatero a Kalisto. "Manyazi ake ndi a ndani apa? Iwe mwana, gawa timve."

"Akafika mawa teni koloko, maola akhala opitirira makumi asanu. Ndiye kuti mametikali makumi awiri pa ola, osakwananso. Ku Limbe sitinafike, kubwerera sitinawerenge."

Aliyense ankachita masamu ake m'mutu, ndipo nkhope zinkaonetsa kuti mayankho sakusiyana kwenikweni.

"Makumi awiri," anatero wina wamng'ono thupi, wa chipewa cha mpira. "Botolo la chakumwa silikwana. Ndiye kuti Bernardo akadikira ola lathunthu, sangathe kugula choziziritsa kukhosi kwa ludzu la ola lomwelo."

Tonse tinasamukira kwa amayi Rozina, poti nkhani zotere zimafuna benchi. Mkangano unali wakuti ola la dalaivala liyenera kugula chiyani. Wa chipewa uja anati lita imodzi ya dizilo. "Lole imamwa lita pa kamtunda kochepa, bwana osadandaula. Ine ndikhale wotsika mtengo kuposa chakumwa cha galimoto?" Wina anati zimenezo ndi maloto, bwana angagulitse lole n'kugula njinga makumi awiri. Wina anati ola loyendetsa ndi ola lodikira asafanane mtengo, poti podikira munthu umatha kusinza. A Kalisto anamufunsa ngati anasinzapo bwino ndi katundu wa mamiliyoni pamutu pake.

Amayi Rozina anamenya chikombe pa poto. "Inu mukuzunguliranji? Mbale yanga ya mpunga wa nyemba ndi handiredi. Munthu akagwira maola awiri azitha kudya mbale imodzi. Akagwira tsiku lonse, adye iye, adye mkazi, adye ana, patsale ya sopo. Pansi pa pamenepo si malipiro, ndi chipongwe."

Fifite pa ola. Onse anagwedeza mitu, ngakhale wa dizilo uja. Amalume okha sanagwedeze nawo. Pondiperekeza kokwera njinga madzulo anati, "Ukudziwa kuti zithunzi zija zafika kale kwa apatarau? Ndinkafuna kuchoka mwaulemu, Mena. Tsopano ndichoka ngati wothamangitsidwa."

Apa ndiye ndinamva chisoni, pang'ono. Koma ndinaganiza kuti munthu amene wamanga kale chikwama sangachotsedwe ntchito kawiri. Sindinafufute.

Tsiku lachitatu apatarau anafika naini koloko pa kagalimoto kawo koyera. Pamzere wa malole pali lamulo limene silinalembedwe paliponse: mpata ukaoneka pakati pa malole awiri, uli ndi mwini wake, wangopita kokonzetsa tayala kapena kothira madzi. Palibe amene amalowapo. Apatarau anaona mpata pansi pa mtengo wa mango, kumbuyo kwa lole ya a Kalisto, n'kulowetsapo kagalimoto kawo. Kumanzere kwawo kunali ngalande, kumanja mtengo wa mango uja ndi mulu wa matumba a anthu a njinga. Madalaivala anayang'anana.

Anatsika ndi pepala m'manja, foni m'dzanja linalo. Sanapereke moni.

"Bernardo! Zopusa zili pa lole yangazi walemba ndani? Anthu akunditumizira zithunzi mpaka a ku Quelimane!"

"Pepani apatarau, ndi mwana."

"Ndine," ndinatero, ndikugwada pang'ono mwaulemu wonse. "Bondiya, apatarau. Ngati masamu alakwika mundikonze."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Fufuta. Ndipo iwe Bernardo, ndinakuuza kangati? Kudikira si ntchito. Munthu wakhala pamthunzi masiku awiri, ndimulipire chifukwa chokhala? Tenga pepala ili. Za iwe ndi ine tikambirana ukabwerako. Ine ndikuthamangira ku Mocuba, wani koloko ndili ndi munthu wogula soya, ndikachedwa apita kwa wina."

Analowa kwa amayi Rozina kukagula madzi. Ine ndinathamangira kwa a Kalisto.

"Agogo, apatarau akuti mubwerere m'mbuyo pang'ono, muwatchingire dzuwa pa galimoto yawo."

A Kalisto anayang'ana kagalimoto kali pamthunzi kale, anayang'ana ine. "Anena choncho?"

"Ndi pakamwa pawo."

"Munthu wamkulu akapempha, sitikana."

Analiza lole n'kubwerera m'mbuyo mpaka panatsala mpata wa chikhatho. Ndinathamangira kwa wa chipewa cha mpira, amene lole yake inali kumbuyo kwa kagalimotoko, koma iye sanadikire n'komwe bodza langa, anali ataliza kale injini. Anasendera kutsogolo mpaka bampala kununkhiza bampala. Kenaka a Kalisto anatsika, kundiponyera makiyi awo n'kunena kuti akupita kukameta. Wa chipewa anati lole yake yatha mphepo ya mabuleki, singasunthe. Makiyi ndinakawakwirira m'thumba la nyemba la amayi Rozina, iwo n'kukhalapo.

Apatarau atatuluka anaima ngati aona mzukwa masana. Anaimba hutala. Anazungulira kagalimoto kawiri. Anafunsa mwini lole ya kutsogolo, anthu anati ali kometa. Anatuma munthu, anabwerako n'kuti a Kalisto ameta mbali imodzi, sangatuluke choncho. Theka la ola linatha. Anayamba kutuluka thukuta, foni ikungolira.

"Mukudziwa ndalama imene ndikutaya pano? Ola lililonse ndikaima pano ndi ndalama!"

"Khalani pansi, patarau," anatero amayi Rozina, akuwasendezera benchi. "Pali mthunzi wabwino. Mwangokhala, simukugwira ntchito."

Madalaivala anaseka mobisa, ena m'zipewa. Ine ndinapita pa bampala ya lole ya a Kalisto, moyang'anana ndi galasi la apatarau, n'kujambula kamzere kamodzi, bwinobwino, kowongoka.

Ndinkayembekeza kuti aphulika ngati tayala la ku Koromana. Koma amene anayamba kulankhula anali amalume. Anabwera pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, n'kuika makiyi a lole pa boneti ya kagalimoto.

"Apatarau, za mwanayu ndapepesa, ndipo ndimulanga. Koma zimene walembazo si zabodza. Munandichotsa pa matumba, sindidzaiwala mpaka kufa. Chifukwa cha chimenecho ndakhala chete zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinati ndikatula katunduyu ndikubwezereni makiyi, Lolemba ndizipita ku Joni. Chikwama chili chomanga. Sindikufuna kupita. Koma kunyumba kwanga kuli anthu amene amadya tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene matayala sanazungulire."

Ine ndinali ndisanawamvepo akulankhula mawu ambiri chotero nthawi imodzi, ngakhale pa ukwati wawo.

Apatarau anayang'ana makiyi aja nthawi yaitali. "Ku Joni? Osandiuza? Lole iyi ndipatse ndani, kalaliki uja wosadziwa nambala?" Anakhala pa benchi. "Ukufuna zingati?"

"Chikwi chija chikhale cha ulendo wa tsiku limodzi ndi kubwerera kwake. Koma ndikaima chifukwa cha katundu kapena mapepala, fifite pa ola."

"Fifite! Ukufuna ndigulitse nyumba? Twente."

"Twente ndi imene akulandira kale," ndinatero. "Ili pa bolodi."

"Iwe khala chete," anatero onse awiri pamodzi.

Anakokanakokana. Apatarau anati usiku asawerenge, amalume anati udzudzu umawerenga. Amayi Rozina ankaponyamo mtengo wa mbale yawo osafunsidwa. Mapeto ake anagwirizana fote pa ola la masana, ndi handiredi fifite pa usiku uliwonse wogona pansi pa lole, kuyambira ulendo womwewu. Sinafike pa mbale ya amayi Rozina, ndipo iwo ananena mokweza kuti ndi nyemba zopanda mpunga. Koma amalume anatola makiyi pa boneti paja n'kuwabweza m'thumba.

"Tilembe," ndinatero, ndikutulutsa choko.

"Osati pa lole yanga!"

Analemba kuseri kwa pepala lolakwika lija, onse awiri n'kusaina. Nthawi yomweyo a Kalisto anatulukira atameta mbali zonse, amayi Rozina ananyamuka pa nyemba, ndipo mabuleki a wa chipewa anapeza mphepo modabwitsa. Apatarau ponyamuka anatsitsa galasi n'kundiloza. "Iwe, ukamaliza sukulu usadzabwere kudzafuna ntchito kwa ine." Kenaka anaganiza pang'ono. "Kapena ubwere. Nambala umazitha."

Tinawoloka mlatho wa Muloza dzuwa lili pamutu. Za ku Malawi ndilibe zambiri: minda ya tiyi yobiriwira, phiri la Mulanje kudzanja lamanja, ine n'kugona tisanafike ku Luchenza. Limbe ndinaiona ndi diso limodzi, ndi fumbi la chimanga ndi anthu othamanga. Chilango chimene amalume analonjeza chinali kutsuka chitseko cha lole ndekha, ndi ndowa imodzi. Ndinatsuka ndikuimba.

Titabwerera, atiya Luiza anamasula chikwama chija, nsapato za kutchalitchi n'kubwerera pansi pa bedi. Amayi ndinawatumizira uthenga kuti mazira aja azidya okha.

Chodabwitsa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo, mapepala a apatarau sanalakwikenso. Lole ikafika ku Molumbo imapeza matumba ataunjikidwa kale. Fote ija amalume ailandirapo kawiri kokha, koma tsopano amayenda maulendo atatu pa sabata m'malo mwa umodzi, ndipo masiku ambiri amagona pa bedi. Amadandaula kuti ndinawapezera malipiro a kudikira n'kuwalanda kudikira komweko.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi a masamu anaima kutsogolo n'kufunsa amene anatenga bokosi la choko. Ndinaimika dzanja. Ndinabweza timatsalira titatu, n'kuwauza kuti chinacho chinathera pa masamu. Anandipatsa chilango chosesa kalasi sabata yathunthu, theka la ola tsiku lililonse. Ndinawafunsa kuti pa ola amalipira zingati. Anawonjezera sabata ina.